Malire a Munda ku Chambe: Kukambirana Kapena Kusumirana?

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Chitakale kulowera ku Phalombe, akangowoloka mtsinje wa Likhubula, amaona kudzanja lake lamanja thanthwe la Chambe litaima njo, ngati khoma lochirikiza mitambo. Nsonga yake inapitirira mamita 2,500 kutalika, ndipo alendo amachokera maiko akutali kudzaliona. Koma anthu okhala m'munsi mwa thanthwelo, m'dera la Mfumu Yaikulu Nkanda, maso awo sakhala kumwamba ayi. Amakhala pansi, pa mizere ya m'munda. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje, boma limene mbali yake yaikulu ndi phiri, pamene mbali ina ya nthaka yachonde ili m'manja mwa makampani a tiyi, mbewu imene inayamba kubzalidwa kumeneko m'chaka cha 1891. Malo otsalawo ndiwo amene mabanja akhala akugawana mbadwo ndi mbadwo, mayi kudulira ana ake aakazi, anawo kuduliranso awo, kufikira munda wa agogo unasanduka tizigamba. Pamalo potere mzere umodzi wa chimanga ndi nandolo si chinthu choseweretsa.

Mkangano wa malire suyamba ndi phokoso, umayamba ndi khasu. Chaka chino, polima mizere, mnansi amalumako dothi pang'ono kutsidya kwa malire, chaka chamawa n'kulumakonso, mpaka phata la nthochi limene agogo anabzala ngati chizindikiro lipezeka lili m'kati mwa munda wa wina. Nthawi zina chiyambi chake ndi mbuzi imene yadula chingwe n'kukadya nandolo wa eni. Nthawi zina ndi mtengo wa mango umene mthunzi wake ukufooketsa mbewu za kuseri. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atakokolola minda ya ku Mulanje ndi ku Phalombe, zizindikiro zambiri za malire zinapita ndi madzi, ndipo panali malo ena amene ngakhale khwawa lenilenilo linasintha njira. Wolakwiridwa pa nkhani zoterezi amakhala ndi njira ziwiri patsogolo pake. Akhoza kukhala pansi ndi mnansi wakeyo pamaso pa eni mbumba kapena a nyakwawa, kapena akhoza kukatenga samani kuti akaonane ku khoti.

Funso lakuti yopindulitsa ndi iti pa njira ziwirizi linasanthulidwa ndithu ndi akatswiri a masamu, ngakhale kuti iwo sankaganiza za Chambe. M'chaka cha 1944, John von Neumann, katswiri wa masamu wobadwira ku Hungary, pamodzi ndi mnzake wa zachuma Oskar Morgenstern, anasindikiza ku America buku limene linakhazikitsa nthambi yatsopano ya maphunziro. Pa Chingerezi amaitcha game theory. Pa Chichewa ikhoza kutchedwa masamu a masewera. Dzinali lisanyenge omvera. Masewera amene akunenedwa pano ndi zochitika zilizonse zimene phindu la munthu silidalira zochita zake zokha, koma limadaliranso zimene mnzake asankhe kuchita. Mlimi wolimbana ndi chilala sali pa masewera otere, pakuti mvula simumva maganizo ake n'kusintha njira. Koma wosewera bawo, asanatape timiyala m'dzenje, amayamba wawerengera kuti akagona apa mnzakeyo adzadya pati. Anansi awiri okangana malire ali ngati osewera bawo, kupatula chinthu chimodzi chachikulu: pa bawo wina akadya ndiye kuti wina wadyedwa, pamene pa malire onse awiri akhoza kupindula, ndiponso onse awiri akhoza kudyedwa.

Kuti izi zimveke, omvera ayerekeze minda iwiri yogundana, wina kumtunda wina kumunsi, ndipo pakati pake pali kachigawo kamene eni minda yonse iwiri akuti n'kawo. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, oikidwa m'matumba a chimanga popeza thumba silisintha msinkhu monga ichitira ndalama. Kachigawoko, kuwerengera zokolola zake za zaka zingapo, kakhale kofanana ndi matumba 10. Eni minda akagwirizana kukadula pakati, aliyense apita kwawo ndi matumba 5. Mmodzi akazemba, nakalemba loya, nasonkhanitsa mboni, pamene mnzake wangokhala phee kudikira zokambirana, wozembayo adzatenga kachigawo konse. Akachotsapo matumba 3 amene waononga pa mlandu, atsala ndi 7, mnzake uja manja lende. Koma onse awiri akavala zilimbe nalowa m'khoti mokonzeka mofanana, aliyense aononga matumba 3, ndipo mwayi wopambana ukhala theka ndi theka, ndiye kuti chiyembekezo cha aliyense ndi matumba 5 kuchotsapo 3, kutsala 2 okha.

Tsono mwini munda wa kumtunda, atagona pa mphasa usiku, amadziwerengera motere. Ngati wa kumunsi akufuna zokambirana, kusuma kudzabweretsa matumba 7 m'malo mwa 5. Ngati wa kumunsi akupita ku khoti, kumenya nawo nkhondoyo kudzapulumutsako matumba 2 m'malo mwa kutaya zonse. Mbali iliyonse imene angayang'ane, kusuma ndiko kukuoneka kwanzeru. Tsoka lake n'lakuti wa kumunsi nayenso ali maso usiku womwewo, ndipo masamu ake ndi omwewo. Kukacha onse awiri alunjika ku khoti, ndipo pa matumba 10 aja, 4 okha ndiwo afike m'nkhokwe. 6 athera panjira. Palibe chitsiru pakati pawo. Aliyense waganiza molongosoka, koma kulongosoka kwa awiriwo kwaphatikizana n'kubala umphawi.

Msampha umenewu unadziwika bwino m'chaka cha 1950, pamene Merrill Flood ndi Melvin Dresher anauyesa pa anzawo a kuntchito ku California, ndipo Albert Tucker anauveka nthano ya akaidi awiri otsekeredwa m'zipinda zosiyana, amene aliyense amaona kuti kuulula mnzake n'kwabwino, mapeto ake onse nalandira chilango chokulirapo kuposa akanakhala chete. M'chaka chomwecho John Nash, mnyamata wa zaka zosakwana 25, anafotokoza chifukwa chake anthu amakanirira pamalo oipa chotero: ndi malo amene aliyense, akasuntha yekha mnzake osasuntha, amaluza. Ntchito imeneyi inam'patsa mphotho ya Nobel m'chaka cha 1994.

Matumba 3 a mlandu aja asaoneke ngati okokomeza. Munthu wa ku Chambe wopita ku khoti la majisitireti pa Boma amalipira kabaza kapena minibasi, ya iye mwini ndi ya mboni zake, zimenenso ziyenera kudya masana. Akafika akhoza kuuzidwa kuti mlandu wasunthidwira tsiku lina, nabwerera osalankhula liwu ndi limodzi lomwe. Nkhani ikakwera kufika ku Khoti Lalikulu, ulendo wake ndi wa ku Blantyre, makilomita oposa 60, ndipo kumeneko munthu wamba sayenda bwino popanda loya. Ndiponso pali mtengo wina umene sulembedwa pa lisiti: tsiku lothera pa benchi ya khoti m'mwezi wa Disembala kapena Januwale ndi tsiku limene udzu wapambana chimanga m'munda. Khoti likaletsa mbali zonse kulima pamalo a mkanganowo kufikira chigamulo, kachigawo kaja kamamera tchire, osadyetsa mwana wa kumtunda kapena wa kumunsi.

Nanga popeza zonsezi anthu amazidziwa, n'chifukwa chiyani salekeza panjira? Masamu omwewo akuyankha. Munthu amavomera mgwirizano ngati ukum'patsa zoposa zimene akuyembekeza ku khoti. Ngati aliyense wa awiriwo akuona moona mtima kuti mwayi wake ndi theka, chiyembekezo chake ndi matumba 2, kotero kuti kugawana kulikonse kopatsa aliyense oposa 2 n'kwabwino kwa onse. Bwalo lokambiranapo n'lotakata, kuchokera pa 2 kukafika pa 8. Koma aliyense akadzikhulupirira kuti pa milandu 10 yotere iye angapambane 9, amayembekeza matumba 9 kuchotsapo 3, ndiwo 6, ndipo sangalandire zochepera pamenepo. Wa kumtunda akufuna 6, wa kumunsi akufunanso 6, koma matumba alipo 10. Bwalo lija latsekeka. Chalitseka ndi chiyani? Si kuchepa kwa nthaka ayi, koma kuchuluka kwa chikhulupiriro. Ndipo pa nkhani ya malire kudzikhulupirira kotere kumabwera mosavuta, pakuti aliyense anaonetsedwa malirewo ndi mayi ake kapena amalume ake, anthu amene sangawaganizire bodza.

Apa ndi pamene ntchito ya akuluakulu imaonekera bwino. Mwini mbumba wanzeru, asanapite ku bwalo, amayamba waitanira mphwake kuseri namuuza kuti, "Iwe, nthochi ija sanabzale ndi agogo ako, anabzala ndi a kumunsiwa. Usakachite manyazi pagulu." Mawu otere amawawa, koma m'chilankhulo cha masamu mkuluyo watsitsa 9 uja kufika pa 5, ndipo bwalo latsegukanso. Mkhalapakati wabwino ntchito yake yoyamba si kugawa munda, koma kuchepetsa maloto a mbali zonse ziwiri.

Komabe kuwerengera konseku kuli ndi chilema chimodzi: kukuyesa kuti anthu awiriwa akumana kamodzi kokha, mlandu ukatha aliyense n'kulowera kwake. Pakati pa anansi sizili choncho. Munda sunyamulidwa pamutu. Wopambana ndi wogonja adzadzuka m'mawa mwake natunga pa mjigo umodzi, ana awo nakhala pa desiki imodzi, ndipo maliro akagwa kumtunda, adzukulu okumba manda adzachokera kumunsi komweko. Wozemba uja anapindula matumba 2 okha kuposa amene akanapeza pogawana. Ngati kubwerekana nkhwangwa, kuyang'anirana nyumba, kusenzerana wodwala kupita naye kuchipatala ndi kupirikitsirana anyani otsika m'phiri kungafanane ndi thumba limodzi pa chaka, ndiye kuti pakutha pa zaka ziwiri phindu la kuzemba latha, ndipo chaka chachitatu ndi zonse zotsatira n'zoluza zokhazokha. Akatswiri anatsimikiza ndi masamu kuti masewera a akaidi aja akamabwerezedwa popanda kudziwa tsiku lotsiriza, kugwirizana kukhoza kukhazikika ngakhale pakati pa anthu odzikonda, malinga ngati mawa ali ndi mtengo kwa iwo. Robert Aumann ndi mmodzi mwa amene anazama pa mfundo imeneyi. Makolo anaifupikitsa ponena za mnzako amene wapsa ndevu, kuti umuzimire popeza mawa adzazima zako. Mwambiwu sukulonjeza mphotho ya kumwamba, ukungowerengera za mawa.

Cha m'ma 1980, Robert Axelrod wa ku yunivesite ya Michigan anaitana akatswiri a maiko osiyanasiyana kuti atumize njira zosewerera masewerawa mobwereza, nazipikisanitsa pa kompyuta, iliyonse ndi inzake. Zina zinali zaukathyali wozama, zomanamizira ubwenzi kenaka n'kubaya. Koma imene inapambana, pa mpikisano woyamba ndi wachiwiri womwe, inali yosavuta kuposa zonse, yotumizidwa ndi Anatol Rapoport: yamba ndi mtendere, ndipo pambuyo pake chita zimene mnzako wachita ulendo wathawu. Njira imeneyi siyamba ndewu. Siilolanso kuponderezedwa, pakuti ikalakwiridwa imabwezera pomwepo. Ndipo mnzake akangobwerera ku mtendere, iyonso imabwerera, osasunga mangawa. Mbali yachiwiriyo ndi yofunika kuimvetsa, popeza ambiri amaganiza kuti kukonda mtendere ndi kungokhala chete. Mnansi amene waona khasu likuluma malire chaka choyamba nakhala duu, chachiwiri duu, akuphunzitsa mnzake kuti kuluma kulibe mtengo, ndipo podzalankhula chaka chachisanu nkhaniyo idzakhala itakula kufika pa samani. Liwu laulemu chaka choyamba, lakuti "Alamu, mzere uwu ukuoneka ngati wapyola," n'lotsika mtengo kuposa loya aliyense.

Njira yobwezerayi ili ndi ngozi yake, imene ofufuza anaiona pambuyo pake. Pa dziko lapansi pamachitika zangozi. Mbuzi imadula chingwe mwini wake ali kumaliro. Wodyeredwa nandolo akayesa dala, nabwezera potseka ngalande yopita ku dimba la mnzake, mwini mbuzi, amene mumtima mwake sanalakwe, adzaona kuti wayambidwa, nayenso n'kubwezera. Kubwezerana kotere kulibe potherapo, ngakhale kuti palibe anafuna nkhondo. Anapeza kuti pamene zolakwa zangozi zilipo, njira yokhululukako nthawi zina, kapena yovomera chilango ukadziwa kuti unalakwa ndiwe, imakolola zambiri kuposa yobwezera mosaphonya. Mwambo wa kumudzi unali nacho kale chida cha ntchito imeneyi, ndicho chipepeso. Nkhuku imodzi yoperekedwa pamaso pa a nyakwawa sikwanira kulipira nandolo yense wodyedwa, ndipo sicholinga chake. Ntchito yake ndi kulengeza kuti cholakwacho chavomerezedwa, ngongole yatsekedwa, kuwerengera kuyambirenso pachiyambi.

Wina angaganize kuti izi n'za anthu osauka okha, osowa ndalama za loya. Si choncho. Robert Ellickson, mphunzitsi wa malamulo, anakafufuza alimi a ng'ombe a m'boma la Shasta ku California, nasindikiza zimene anapeza m'chaka cha 1991. Anthuwo anali ndi magalimoto, mafoni ndi makhoti pafupi, komabe ng'ombe ikalowa m'munda mwa mnansi sankathamangira kwa loya. Ankaimbirana foni, mwini ng'ombe n'kupepesa; wosamva ankam'nena pakati pa anzake mpaka manyazi am'gwire; ndipo aliyense ankasunga mumtima kaundula wa zabwino ndi zoipa zimene anachitirana, namaziwerengera pamodzi pakapita nthawi. Ambiri mwa iwo lamulo lenileni la ziweto zosochera sankalidziwa bwino, ndipo kusumira mnansi ankakuona ngati khalidwe losayenera.

Pali chinthu china chaching'ono chimene masamuwa amaunikira, ndicho chifukwa chake malire okhalitsa amatsata khwawa, chulu, njira kapena mtengo waukulu, ngakhale kuti kutero sikugawa malo mofanana ndendende. Thomas Schelling, m'buku lake la 1960, anaonetsa kuti anthu awiri ofuna kugwirizana amakokedwa ndi chinthu choonekera kwa onse, chimene aliyense akudziwa kuti mnzake akuchionanso. Malire ongoganizira, odutsa pakati pa dothi lofanana, amaitana funso lakuti bwanji osasunthako phazi limodzi, ndipo phazi limodzi likaloledwa lachiwiri lilibe choliletsa. Chulu sichiitana funso lotero. N'chifukwa chake mgwirizano umene watha ndi kugwirana chanza kokha umafooka msanga kuposa umene watha ndi kubzala mzere wa udzu wa vetiva kapena mitengo, mboni zikuona.

Kufikira pano zikuoneka ngati khoti ndi chinthu chongoononga. Kuganiza motero n'kulakwa kwakukulu, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi ikufuna kumvedwa mofatsa. M'chitsanzo chija, chimene chinachititsa kuti aliyense asalandire zochepera matumba 2 ndi chakuti anali ndi kwina kopita. Munthu amene alibe ndalama ya ulendo, sadziwa khomo loyambira, kapena amaopa kuima pamaso pa woweruza, chiyembekezo chake ku khoti si matumba 2 koma palibe, ndipo mnzakeyo akadziwa zimenezi akhoza kum'patsa thumba limodzi nanena kuti takambirana. Schelling yemweyo anafotokoza kuti kuopseza kumagwira ntchito pokhapokha ngati woopsezedwayo akukhulupirira kuti kudzachitikadi. Mawu akuti "tikaonana ku khoti" ochokera kwa munthu amene mudzi wonse ukudziwa kuti sangafike ndi pa Chitakale pomwe, ndi mphepo chabe. Akatswiri awiri a malamulo, Robert Mnookin ndi Lewis Kornhauser, analemba m'chaka cha 1979 kuti anthu okambirana pawokha amakambirana ali mumthunzi wa lamulo: chimene woweruza akanagamula ndicho chimayeza mphamvu ya mbali iliyonse, ngakhale woweruzayo asawaone n'komwe. Motero khoti limagwira ntchito yake yaikulu pa milandu imene siifika pakhomo pake. Bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu, la Legal Aid Bureau, likaimira mayi mmodzi wa kumudzi, limakweza mawu a amayi ena ambiri pa mabwalo a nyakwawa amene maloya ake sadzawapondapo.

Pali nthawi tsono imene kusuma ndiko nzeru. Yoyamba ndi pamene winayo alibe mawa pamudzipo. Munthu wa m'tauni amene wagula malo kuti adzagulitsenso safuna moto wa mnansi, ndipo maliro ake sadzakumbidwa ndi adzukulu a pamenepo. Zingwe zonse zimene zimamanga anansi iye sizim'gwira. Yachiwiri ndi pamene mphamvu zasiyana kwambiri, monga ana amasiye amene achibale akuwalanda munda, mchitidwe umene lamulo la chuma cha masiye la 2011 linauika m'gulu la milandu ya upandu. Yachitatu ndi pamene woweruza wa pamudzi ali ndi dzanja m'mbalemo, mwina ndiye anagulitsa malowo kawiri. Yachinayi ndi pamene zikwanje zatuluka: pamenepo nkhani si ya matumba ayi, ndi ya apolisi. Pa zochitika zimenezi kuuza wofooka kuti "kambiranani, ndinu abale" ndi kum'pereka m'manja mwa wamphamvu, ngakhale mawuwo akumveka okoma.

Dera la Chambe lomwelo linaona mbali zonse ziwiri pa mikangano yoposa ya mizere. Pamwamba pa phiri pali chidikha chotchedwanso Chambe, kumene kampani ya Spring Stone inkafufuza miyala ya mtengo wapatali yosowa. Cha m'ma 2012 ndi 2013 anthu ena a m'boma la Mulanje, poopera madzi ndi chilengedwe cha phirilo, anakatenga chiletso ku Khoti Lalikulu, ntchitoyo niima. Patapita miyezi chiletsocho chinachotsedwa. Kampani yofufuza miyala ndi mlendo wodutsa, amene akhoza kumanga katundu tsiku lililonse, ndipo anthu a m'midzi analibe chingwe china chom'kokera nacho kupatula khoti. Mosiyana ndi zimenezi, pamene bungwe la Blantyre Water Board linafuna kutapa madzi mu Likhubula kupita nawo ku mzinda, pa ngongole yochokera ku India, anthu a ku Mulanje anakana mwamphamvu m'zaka za 2016 ndi 2017, akuti mitengo iyambe yabzalidwa m'phiri. Panali mawu owawa ndi kuopsezana, koma bungwelo linalonjeza kubzala mitengo, ntchito inapitirira, ndipo madzi anayamba kuyenda m'chaka cha 2019. Kaya malonjezo anakwaniritsidwa mokhutiritsa onse, imeneyo ndi nkhani yoti eni dera aiweruze. Chooneka n'chakuti paipi ndi chingwe chosaduka: mzinda udzafuna kuti phirilo likhale ndi mitengo chaka ndi chaka, ndipo osunga mitengoyo ndi anthu a m'munsi mwake. Awiriwa, afune asafune, anasanduka anansi.

Malamulo a dziko nawonso akhala akusinthasintha pofuna malo oyenera a mikangano yotereyi. Makhoti a makolo, amene pa ulamuliro wa chipani chimodzi anapatsidwa mphamvu zoweruza ngakhale milandu ikuluikulu kuyambira 1969, analeka kugwira ntchito m'chaka cha 1994, ndipo kuchoka kwawo, ngakhale kunali ndi zifukwa zomveka, kunasiya mpata pakati pa bwalo la mfumu ndi khoti la pa Boma. Lamulo la 2011 lofuna kukhazikitsa makhoti ang'onoang'ono a kumidzi linakhala zaka zambiri pa pepala pokha. Malamulo aakulu a dziko a 1994, pa mfundo zotsogolera boma, amatchula kukambirana ndi kuyanjanitsa ngati njira zimene dziko liyenera kutsata pothetsa kusamvana. Kenaka lamulo la malo a makolo la 2016, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018 nkukonzedwanso mu 2022, linakonza makomiti a malo m'midzi ndi mabwalo apadera a mikangano ya malo, kuyambira m'dera la mfumu yaikulu, kukwera pa boma, kufikira bwalo la dziko lonse. Boma la Phalombe, loyandikana ndi Chambe, linali limodzi mwa maboma oyamba kumene kulembetsa minda motsata lamuloli kunayesedwa. M'chilankhulo cha matumba chija, makwerero oterewa akagwira ntchito amatsitsa mtengo wa kudandaula kuti wosauka aufikire, ndipo kulembetsa malire kumachepetsa kudzikhulupirira kopanda maziko, pakuti pepala ndi chulu chimene madzi osefukira sakokolola msanga.

Ngakhale Khoti Lalikulu lenilenilo linavomereza mfundoyi. Kuyambira m'chaka cha 2004 malamulo ake anaika zoti milandu yambiri yosakhudza upandu iyambe yapita kwa mkhalapakati isanazengedwe, ndipo malamulo atsopano a kayendetsedwe ka milandu a 2017 anasunga dongosolo limeneli. Kotero mwini munda wa kumtunda ndi mwini munda wa kumunsi, atagulitsa mbuzi, nalipira maloya, nakwera minibasi m'bandakucha kudutsa minda ya tiyi mpaka kukatsika ku Chichiri, chinthu choyamba chimene adzauzidwe kumeneko ndi chakuti alowe m'chipinda, akhale moyang'anana, ayese kumvana.